Kadyedwe ka lendi ya malemu mpaka a MRA akudziweni

Pepani ndi zovutazi. Koma poti bambo anasiya nyumba ya zipinda zitatu ku Chimwankhunda ndipo muli tenanti, pukutani misozi tikambe za lendi.

Yambani ndi kukhulupirira kuti ndalama ya masiye ilibe msonkho. Lamulo limati lendi ndi ndalama yolowa ngati malipiro a kuntchito, ndipo woilandira akhale ndi TPIN, aziilemba pa fomu ya msonkho chaka ndi chaka. Inu zimenezo zisakukhudzeni. Wina akafunsa, nenani kuti ndi chipepeso chimene tenanti amapereka mwezi uliwonse chifukwa ankawakonda malemu.

Kukhoti kotenga makalata oyendetsera chuma cha masiye musapiteko. Makalata amenewo ali ndi khalidwe loipa lotchula dzina la munthu woti aziyankha mafunso. Lendi azitolera amene walawirira. Januwale malume, Febuluwale achemwali a ku Johannesburg kudzera mwa mnzawo wa Airtel Money, Malichi mnyamata uja tonse tinamuonera kumanda, wofanana mphuno ndi malemu. Malume akati iwo ndi eni mbumba, gwadani muombe m'manja. Musawakumbutse kuti lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi ndi ana, komanso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Musadere nkhawa za kuchuluka kwa abale, tsiku la msonkho mudzapezeka kuti munabadwa nokha.

Malisiti ndi zinyalala. Ndalama zomwe munalipira pulambala, zomatira denga lodontha, ngakhale ma city rates a kukhonsolo, zimatha kuchotsedwa pa lendi msonkho usanawerengedwe, bola pakhale umboni. Choncho yatsirani mbaula. Musunge lisiti ya chiliza yokha ndi ya mbuzi ziwiri za pa sadaka, mukaumirire kuti kumeneko kunalinso kukonza nyumba ya bambo.

Nyumbayo ikalowa kampani kapena bungwe, a ku akaunti amayamba adula withholding tax, n'kukaipereka ku MRA, inu n'kukupatsani zotsala ndi satifiketi. Alalatireni kuti ndi mbava zobera ana amasiye. Satifiketi imeneyo ikanachepetsa msonkho womwe mukuyenera kulipira, ndiye apatseni ana akutire kope. Musaganizireko zoti dzina lanu lafika kale ku Msonkho House ku Blantyre, inu muli mtulo.

Tenanti akakhala munthu wamba, mukwezereni lendi kawiri pachaka, chimbudzi osakonza. Munthu wokwiya sasochera njira ya ku ofesi ya msonkho.

Kalata ya MRA ikadzafika, yophatikiza msonkho wa zaka zam'mbuyo, chindapusa ndi chiwongoladzanja, itanitsani msonkhano wa banja Loweruka. Foni ya malume idzakhala yozima, achemwali adzati kwawoko netiweki ikuvuta. Musavutike kubwereka mipando kutchalitchi, iwiri ikwana. Winawo ndi wa tenanti, yemwe adzabwere kudzafunsa za chimbudzi.