Ulemu kwa a Chikande, Bwana Ogona M'chitini

Pa zomera zonse zimene Namalenga anaika m'dziko muno, palibe chodziwa kusunga ulemu wake kuposa chikande. Chimanga n'chomvera: ukachidzala chimamera, ukachithira feteleza chimathokoza. Bonongwe ndiye alibe n'manyazi omwe, amangofika osaitanidwa. Koma a Chikande, ndiloleni ndiwatchule mwaulemu poti timakhalira khonde limodzi kuno ku Makata, amatuluka akafuna, amachoka osatsanzika, ndipo miyezi yambiri pachaka mukabwera kudzawazonda mudzangopeza chitini chakale cha penti chodzaza dothi louma. Chitini chimenecho ine ndimachilondera usana ndi usiku.

Ambiri a inu mumawadziwa bwanawa ali kale m'mbale. Kumpoto amati chinaka, anzathu a ku Zambia amati chikanda, ndipo kwawoko chinatchuka mpaka kulowa m'masitolo ndi m'mahotela a ku Lusaka. Azimayi amatsuka timbatata take, kutiyanika, kutisinja mumtondo, n'kuphika ufawo pamodzi ndi nsinjiro, mchere, tsabola ndi soda kapena chidulo. Amatakasa mpaka mkono kuwawa, phalalo n'kulimba, kenako amaika makala amoto pachivundikiro kuti lipse pamwamba. Likazizira mumacheka ndi mpeni, ndipo mlendo wosadziwa amalumbira kuti wadya nyama. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ndiwo ya amphawiyi ndi ya kubanja lachifumu. Chikande ndi orchid, mbale wake wa maluwa odula aja amene olemera a ku Ulaya amawamangira nyumba zagalasi, mbale wakenso wa vanila wa mu keke. Achibale enawo amakhala m'mwamba, atakangamira nthambi za mitengo. Athuwa anasankha pansi, m'madambo ndi m'maudzu a m'mapiri, ndipo akatswiri amawalemba m'mafuko a Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Dziko lathu lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo yoposa 200 imapezeka pa Nyika pokha. Isobyl la Croix ndi anzake anatulutsa buku lathunthu la maluwa amenewa a m'Malawi mu 1991. Bonongwe ndani anamulemberapo buku lalikulu chonchi?

Kwathu anafika mwangozi. Azakhali ochokera ku Dedza anabwera ndi jumbo ya timbatata toti atiphikire, kamodzi n'kugubudukira kuseri kwa kabati. Mvula yoyamba itagunda malata mu Novembala, tinakapeza katatulutsa kamphukira mumdima momwemo, kopanda dothi, kopanda dontho la madzi. Wopulumuka mumtondo mwa njira yotere sumubwezeranso kumunsi. Ndinaboola chitini kunsi ndi msomali, n'kuyala timiyala, n'kusakaniza mchenga wokhakhala ndi dothi la masamba owolerana, ndipo bwana analowa m'nyumba yawo.

Nyengo yamvula sakhala ovuta kwenikweni. Amafuna dzuwa la m'mawa, masana akhale pamthunzi, poti kwawo n'kumapiri kozizira ndipo kutentha kwa malata a ku Blantyre sakugwirizana nako. Madzi amamwa, koma asadikhe m'chitini. Feteleza wa chimanga musayerekeze n'komwe, amaotcha mizu. Bwanawa sanalembetsepo dzina pa makuponi a boma, ndipo sanaimepo pamzere kudepoti. Adani awo nyengo imeneyi ndi nkhuku za eni ake ndi nkhono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinawaona masowo, pakati pausiku, ndi tochi ya pafoni, mwini wake ali mkati modya mphukira imene ndinaidikira chaka chathunthu. Kudekha kunathera pomwepo.

Koma ukulu weniweni wa a Chikande umaoneka mvula ikatha. Cha mu Epulo kapena Meyi masamba amachita chikasu, amafota, n'kugwa. Bwana alowa m'chipinda. Kuyambira pamenepo mpaka mvula idzagwenso, ntchito ya wowasamalira ndi imodzi yokha: kusachita kanthu. Osathirira, osafukula kuti uone ngati akadali moyo, osasuntha dothi. Kambatata kali m'tulo kakanyowa kamawola, ndipo sudziwa kuti kawola mpaka Disembala, pamene umazindikira kuti miyezi yonseyi umalondera manda. Mukuganiza kuti kusachita kanthu n'kophweka? Bwerani mudzayese pa mdadada wa nyumba za lendi, pamene khonde ndi limodzi, chingwe choyanikira zovala ndi chimodzi, ndipo aliyense ali ndi maso ndi chifundo.

Chifundocho ndiye mdani wamkulu. Mayi a khomo loyandikana nalo ndi munthu wabwino mtima, wa kumpingo, ndipo sangapirire kuona dothi louma m'chitini. Tsiku lina ndinawapeza atanyamula beseni la madzi otsukira mpunga, atawerama kale.

"Mayi, chonde, musathire!"

"Iii, achimwene, duwa lanuli lifa ndi ludzu. Inu abambo zosamala zinthu simuzidziwa."

"Silinafe, mayi, lagona."

"Lagona? Ndiye likadzuka mudzaliphikire tiyi."

Anapita akuseka, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika pa kiyosiki ya madzi. Bambo wina wa shifiti ya usiku kufakitale anaona kuti chitini chopanda mbewu ndi malo abwino ozimitsira ndudu. Ana anakwiriramo mabulo. Nkhuku inayesa kusambamo fumbi. Kenako kumabwera chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, kamvula kowaza kaja kamene kamatikuta ife a Blantyre, Limbe ndi Thyolo masiku angapo osakata. Anthu onse amathamangira zovala pachingwe. Ine ndimadutsa malaya anga akunyowa, n'kunyamula chitini cha dothi, kuchikumbatira pachifuwa, kukachiika pansi pa tebulo. Ndikatuluka kukatenga malayawo ndimapeza makatani a mawindo atatu akugwedera.

Ku Ndirande munthu sukumbatira chitini chopanda kanthu anthu n'kungokusiya. Ena anati muli chizimba cha bizinesi. Ena anati ndinakwiriramo ndalama. Agogo ena anandiitanira pambali n'kundilangiza mwachikondi kuti zokhwima zimabwerera mwini. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi ndiwo chabe, ija amagulitsa yocheka pamsika, koma zinangoipiraipira, pakuti munthu wanzeru zake angagone ndi njala uku akulondera ndiwo?

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale adani awo sangawalande a Chikande. Pa alendi onse a pamalo pano, ndi okhawo amene sanadandaulepo za madzi. Mpopi ukauma mu Seputembala ndi Okutobala, ife timadzuka usiku kukatchera khutu ngati paipi yayamba kutsokomola. Imatsokomoladi, mpweya wokhawokha, mita n'kumazungulira mokhulupirika, bilu n'kubwera pa tsiku lake osachedwa ngakhale kamodzi. Azimayi amalawirira ndi zigubu, ena mpaka kutsikira ku Mudi, mtsinje umene ukamadutsa kumafakitale kuno umasintha mtundu malinga ndi tsiku, ndipo fungo lake limakupatsa moni usanauone. Akuluakulu oona za madzi akalankhula pa wailesi amatipempha kuti tigwiritse ntchito madzi mosamala. Madzi ake ati, bwana? Mwa ife tonse amene anamvera langizoli ndi a Chikande okha, amene miyezi isanu ndi umodzi samwa n'dontho lomwe. Akanakhala munthu akanawapatsa satifiketi pa msonkhano wa kuhotela.

Mbiri ya ubwana wawo nayo ndi ya anthu akuluakulu. Njere ya chimanga kapena nyemba imabadwa ndi kamba wake, chakudya choti mphukira iyambire ulendo. Njere ya orchid ndi fumbi lenileni, ilibe kamba ngakhale pang'ono. Charles Darwin, amene mu 1862 anatulutsa buku la momwe tizilombo timabereketsera maluwa amenewa, anawerengera njere zoposa 6,000 m'kachipatso kamodzi ka orchid wina wa ku Ulaya. Zonsezo zimauluka ndi mphepo, ndipo imene yagwera pabwino siimera pokhapokha itakumana ndi bowa wina wa m'dothi, wosaoneka ndi maso, amene ulusi wake umalowa m'njeremo n'kumaidyetsa. Mfalansa wina, Noël Bernard, ndiye anatulukira chinsinsichi mu 1899, ndipo mu 1922 Lewis Knudson wa ku America anaonetsa kuti njerezi zingamere m'botolo ngati uzipatsa shuga ndi michere m'malo mwa bowayo. Kutchire kulibe botolo. Kamwanako kamakhala pansi nthawi yaitali, kakudya za eni ake, kasanatulutse tsamba n'limodzi lomwe loti kadzipangire chakudya.

Ndikudziwa kuti wina waganiza kale za olemekezeka ena amene amadyetsedwa ndi anthu osaoneka, amatulukira nyengo yawo ikakwana atavala zokongola, kenako n'kuzimirira osatsanzika, ife n'kutsala tikulondera mpando wopanda munthu. Ine sindinatchule aliyense. Ndingoteteza dzina la bwana wanga ponena kuti iwo amabwerako chaka chilichonse, osati pakapita zaka zisanu.

Tsono mphoto ya ulonda wonsewu ndi duwa. Amene anafikako ku Nyika mu Januwale ndi Febuluwale amasimba za maluwa ofiira, apinki ndi achikasu ali mbuu m'maudzu, ndipo ine ndinkayembekezera zoterozo. Phesi linakwera, timaluwa tinatseguka, ndipo tinali tobiriwira. Tobiriwira ngati masamba ake omwe, tating'ono, tokhala ndi timichira kumbuyo. Zikuoneka kuti bwana wanga ndi wa fuko la Habenaria, limene ambiri mwa maluwa ake ndi obiriwira kapena oyera, ndipo amanunkhira usiku pofuna kukopa agulugufe oyenda mumdima, amene amayamwa timadzi totsekemera m'timichiramo. Ndiye kuti sanavalire ine, kapena aneba, kapena wina aliyense wolipira lendi. Ndinaitanabe mayi aja kuti adzaone kuti wogona uja wadzuka. Anawerama, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Nanga duwalo lili pati?" Ndinawauza kuti abwere usiku adzanunkhize. Amuna awo sanaimve bwino nkhani imeneyi.

Apa nthabwala zimandithera pang'ono. Chomera chimenechi chimakhala ndi timbatata tiwiri: kakale kamene kakufota chifukwa kadyetsa masamba a chaka chino, ndi katsopano konenepa kosungira moyo wa chaka chamawa. Wokumba amafuna konenepako. Akakatenga, chomeracho chathera pomwepo. Kale anthu ankakumba toti adye pakhomo, koma chikanda chitasanduka bizinesi ya m'matauni a ku Zambia, madambo akwawoko anayamba kuperewera, ndipo amalonda anatulukira malire. Kafukufuku amene Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi anafalitsa mu 2003 anapeza kuti timbatata pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni tinkachoka kumapiri a kumwera kwa Tanzania chaka chilichonse kupita ku Zambia. Dziko la Tanzania linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa. Kwathu kuno okumba amalowa mpaka mu paki ya Nyika, ngakhale kuti malamulo amaletsa, ndipo pangano la CITES limafuna chilolezo kuti orchid aliyense wa kutchire adutse malire a dziko. Okumbawo sindiwaweruza; ambiri ndi azimayi ndi ana a m'midzi amene alibe pena popezera ya sopo ndi ya sukulu, ndipo phindu lenileni limatsalira m'manja mwa wonyamula matumba. Musathamangirenso ku Zomba kapena ku Mulanje ndi khasu kuti nanunso mukhale ndi chitini. Ambiri mwa maluwa amenewa akachotsedwa kwawo amafa, chifukwa bowa wawo ndi kuzizira kwawo sizikwera nawo minibasi.

Ndipo ife a ku Makata tilibe pakamwa ponenera a ku Zambia. Tikatukula maso timaona phiri la Ndirande, limene linali ndi nkhalango mpaka zaka za m'ma 1990, lero ndi miyala ndi minda ya chimanga yopendekeka. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, mabwana amabwera ndi galimoto zazitali, atavala magambutsi atsopano, n'kudzala kamtengo kamodzi kamodzi kamera ikuwajambula. Wina amawathirira madzi osamba m'manja, amalandira alawansi, amapita. Pofika Ogasiti mbuzi ndi moto zamaliza ntchito. Luso losachita kanthu ali nalo ndithu mabwanawa, kungoti analiika pa mbewu yolakwika. Akanapatsidwa chikande, bwenzi ali akatswiri a dziko lonse.

Chaka chino zinthu zasintha pakhonde pathu. Bambo wa ndudu uja anaona kuti ndagula njinga yakale mu Malichi, mwezi womwe duwa linali litangofota, ndipo anawerengera yekha masamu ake. Tsopano pakhomo pake pali chitini cha penti, chachikulu kuposa changa, choboola bwino kunsi, chodzaza dothi limene anakatapa kuseri kwa bafa. Sathirira, salola mwana kuyandikira, chiperoni chikayamba amathamanga nacho m'nyumba ine ndisananyamuke n'komwe. Sanandifunsepo ngati pamafunika kuikamo kanthu. Dzulo anandiimitsa pachipata, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Achimwene, zimayamba kugwira ntchito mwezi wanji?"

Ndinamuuza kuti adikire mvula.