Nyumba yopanda makatani

Ku Area 25 ku Lilongwe, nyumba ikangochotsedwa makatani m'mawa, pofika madzulo imakhala ili ndi eni ake ambirimbiri. Woyamba ndi mnyamata wa pa kanyenya amene lero wasanduka ejenti, ndipo akufuna "yoonera" musanaponde n'komwe pakhonde. Mlonda naye ali ndi yake: "Abwana ali ku Joni, siyani ya mayunitsi ndiwaimbire." Kenako pamatulukira mlamu wina atanyamula makiyi osatsegula chitseko chilichonse.

Mukapirira mpaka kuwapeza enieniwo, musathamangire za ndalama. Moni akhale wautali, muyamikirenso mpanda. Apo bambo landilodi amayamba: mumagwira kuti, ana alipo angati, mumapemphera kuti, achibale akumudzi amabwerabwera? Ngakhale ankhoswe safufuza chonchi. Pomaliza akufuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, pomwe denga lodonthalo akuti adzakonza "mukangolowa".

Nanunso musachite manyazi. Funsani ngati mita ya ESCOM ndi yanu nokha kapena mudzagawana ndi a kuseri amene ali ndi saluni. Funsani amene alipire bilu ya madzi yomwe anasiya anzanu amene ankakhalamo kale. Ndipo popanda risiti, ndalama isatuluke m'thumba.