Ulemu kwa A Uvuni, Mkulu wa Mapulani a Chitukuko

Pamsonkhano uliwonse wa chitukuko kwa Khombedza woyendetsa mwambo amatchula maudindo mpaka kukhosi kuuma: Gogo Chalo, magulupu, anyakwawa, khansala, aphungu, alangizi, ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe amene akadali panjira. Koma pali mkulu mmodzi amene salandira ngakhale kuwomba m'manja kumodzi, chikhalirecho ndiye wakhalitsa pantchitoyi kuposa onsewo. Amakhala kuseri kwa sukulu, udzu utamera kumutu, abuluzi akuwothera dzuwa pamapewa pake. Ndikunena uvuni wa njerwa, uja anaumba anthu a m'mudzi kuti chitukuko chikamabwera chipeze poyambira. Lero ndiloleni ndiwagwadire. Zikomo a Uvuni, tipeze nawo malo.

Kubadwa kwanu sikunali kwamasewera. Munabadwa mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, nthaka ikutentha kuphazi. Abambo anakumba nkhuti, kuponda dothi ndi kumenya chikombole mpaka msana kukana. Amayi anasenza ndowa kuchokera kudambo, ana n'kumatembenuza njerwa kuti ziume mbali zonse. Mudzi uliwonse unapatsidwa chiwerengero chake, ndipo wojomba tsiku la chitukuko analipa nkhuku kubwalo la mfumu. Kuti mupse bwino, mitengo imene inapereka mthunzi kwa agogo athu inagwa, ngakhale ya mango sinapulumuke. Moto unayaka usiku wonse, achinyamata akusonkhezera uku akuimba. Kodi ndi nduna iti imene inalandiridwapo chonchi?

Mbumba yanunso ndi yakale. Nthawi ya Kamuzu makolo anu ankaumbidwa pa Youth Week. Matipate atabwera mu 1994, anthu anati ntchito yaulere ndi thangata, nataya zikombole. Koma thumba la MASAF litayamba mu 1995 munabwerera ndi ulemerero, chifukwa lamulo linali lomveka: mudzi usonkhe njerwa, mchenga ndi miyala, thumba libweretse simenti, malata ndi mmisiri. Midadada yambiri ya sukulu inamangidwadi mwanjira imeneyo, sitikana. Anthu anaphunzirapo kuti chitukuko chimatera pamene pali uvuni. Chimene sanauzidwe n'chakuti si uvuni uliwonse umene chitukuko chimaterapo.

Tsono ntchito yanu yeniyeni, imene ndadzera kudzatamanda, ndi yosunga mtendere.

Taonani mmene zinthu zinakonzedwera papepala. Kuchokera mu 1998, pamene dziko linakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi mfundo ya mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. Komiti ya VDC isonkhanitse mudzi, anthu anene mavuto awo ndi kuwasanja kuyambira lalikulu. Mndandandawo upite ku ADC ya kwa Khombedza, ukaphatikizidwe ndi ya magulupu ena, kenako ukafike ku khonsolo ya Salima n'kulowa m'pulani ya boma lonse. Tsiku losanja likafika, mlangizi amajambula mabwalo padothi, aliyense n'kupatsidwa njere za chimanga zoti aponye pamene mtima wake uli. Amayi amathira njere zawo pa mjigo ndi pa chidikiro cha oyembekezera kuchipatala. Ahedi amafuna nyumba ya mphunzitsi, poti amene anatumizidwa chaka chatha anangoona pogona n'kukwera minibasi yobwerera. Alimi a thonje akuti mlatho, achinyamata akuti bwalo la mpira, amipingo akuti mkombaphala. Njere zimawerengedwa poyera, mlembi n'kulemba nambala 1, nambala 2, mpaka 12. Palibe chimene chimafufutidwa.

Apa mpamene pali fupa. Makampani opanga mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta nawonso amavutika ndi matenda omwewa, zofuna za makasitomala kuchuluka kuposa amisiri ndi ndalama. Mu 1994 katswiri wina, Dai Clegg, anakonza njira yogawa zofunazo m'milu inayi: zoyenera kuchitika zivute zitani, zofunika koma zodikirika, zongokometsera, ndi zomwe sitichita ulendo uno. Mphamvu yonse ya njirayo ili pa mulu wachinayi. Kusankha n'kuuza munthu wina pamaso kuti chako ayi. Koma bwana wa kampani akakana pempho la kasitomala wa ku London, sakumana naye mawa kumaliro. Wapampando wa VDC akafufuta mlatho, eni mlathowo ndi alamu ake, ndipo ena mwa iwo ndi adzukulu amene adzakumbe manda ake. Ndani angayerekeze?

Inu a Uvuni ndinu amene munatipulumutsa ku mulu wachinayi. Simunakanepo munthu. Mayi woyembekezera akakuyang'anani amaona chidikiro. Ahedi amaona nyumba ya zipinda zitatu ndi khonde. Mfumu imaona ofesi ya polisi, mlangizi wa zaumoyo amaona sikelo ya ana. Njerwa ndi zomwezo, zokwanira mwina chinthu chimodzi, koma malinga ngati sizinayalidwe, aliyense amagona podziwa kuti ndi zake. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusiyo analakwitsa polumpha. Inu simulumpha. Mwakhala malo amodzi mvula zingapo osagwa, osayambanitsa abale.

Ndinunso wodzichepetsa, chifukwa mumadziwa amene amagamula mlandu. Si njere za chimanga ayi, ndi thumba la simenti. Bungwe likafika ndi galimoto yoyera litatenga ndalama za zimbudzi, vuto lalikulu la mudzi limasanduka zimbudzi tsiku lomwelo, mlembi n'kukonza minitsi. Chaka cha chisankho chikayandikira, nambala 9 imadumphira pamwamba ngati malo ake akuonekera bwino kwa odutsa mumsewu wa M5 popita ku Nkhotakota, poti khoma lopakidwa penti m'mbali mwa tala limalankhula kuposa mjigo wobisika kumapiri. Thumba la CDF, limene linayamba mu 2006, linakula kufika K100 miliyoni mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024, ndipo mmene limakuliramo ndi mmenenso mkangano wa phungu ndi khansala umakulira. Paja kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linayenda lopanda makhansala, ndiye atabwerera anapeza mipando yawo itafunda kale. Zinafika poti mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti aphungu asamalowerere pa kayendetsedwe ka thumbali. Pa zonsezi inu simunasume aliyense. Munangodikira.

Musadzione wamng'ono poti muli kumudzi. Achibale anu ena ndi otchuka dziko lonse. Ku Mzimba mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera unayikidwa mu 2015, ndipo kwa zaka zambiri chooneka ndi maso chinali msewu wopita kumaloko. Konkuno ku Salima, ntchito yopopa madzi a m'nyanja kupita ku Lilongwe inapatsidwa kontirakitala mu 2016, nkhani yake n'kutha zaka ikuzungulira m'makhoti ndi m'manyuzipepala. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadya bajeti podikira, pomwe inu mumadikira ndi mimba yopanda kanthu.

Ulemu waukulu koposa munaulandira mu 2018, pamene malamulo a zomangamanga analetsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi ntchito zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo. Chiganizocho n'chanzeru, tikayang'ana mmene mapiri ametedwera mpala. Koma taganizani mwayi wanu: mitengo inapsa kale, thukuta linagwa kale, ndipo tsiku limene kontirakitala anafika kudzamanga mdadada wa sukulu, anabwera ndi lole ya mabuloko a simenti n'kuwatsitsa pambali panu penipeni, amisiri ake n'kumakhalira inu podya nsima. Munapuma pantchito musanagwireko tsiku ndi limodzi lomwe. Ambiri m'boma amalota zimenezi, koma amene anazikwanitsa ndinu nokha.

Ndipo ngakhale mutapuma simunasiye kutumikira. Ndi inu nokha mwa akuluakulu onse a chitukuko amene mumafikira munthu payekhapayekha, popanda fomu, popanda siginecha, makamaka mwezi ukalowa. Njerwa zitatu zinapita kukakhala mafuwa kwa mayi wophika zitumbuwa. Wilibala imodzi inakakonza bafa la apongozi a msungichuma. Zina zinatchinga khola la mbuzi, zina zinakhazika bolodi ya kanema kumsika, ndipo zosankhidwa bwino, zofiira zolira ngati chitsulo, zinakawaka manda a mkulu wina amene pamsonkhano uja anaponya njere zake zonse pa chidikiro. Mbali yanu ya kuzambwe yagumuka tsopano, m'kati mwalowa njoka, ndipo ana a sitandade 2, amene amaphunzirirabe pansi pa mtengo, analetsedwa kuyandikira.

Komiti yakumana sabata yatha kuti ifufuze za njerwa zosowazo. Yasankha kakomiti ka anthu asanu, atatu mwa iwo ali ndi mabafa atsopano. Mfundo yachiwiri inali uthenga wakuti pali bungwe lina limene likufuna kuthandiza midzi yosonyeza chidwi, ndipo onse agwirizana kuti chimanga chikangolowa m'nkhokwe, banja lililonse lidzaumbe njerwa 500. Za chimene zidzamange, akuti adzakambirana zikapsa.