Njinga ya Apongozi ndi Denga Langa Lobonyoka

Ntchito ya njinga kuno kwathu ndi kunyamula. Imanyamula matumba a makala ochokera ku Dzalanyama, nkhuni zosanjikizidwa kupitirira mutu wa mwini wake, nkhumba yomangidwa miyendo, malata, bedi, ngakhale mayi woyembekezera amene nthawi yake yakwana pakati pa usiku. Palibe amene anaifunsapo ngati yatopa. Mwa anthu onse a m'dziko muno, ine ndi amene ndinaona kuti njinga nayo iyenera kukwezedwa pamwamba, iyende ili chiimire, ikupitidwa kamphepo.

Chifukwa chinalipo ndithu. Tinagulira apongozi aamuna njinga ya Buffalo, zolimba zija zimene bungwe la World Bicycle Relief linakonzera misewu ya kumudzi, kuti azitengera kachewere ndi kabichi kumsika wa pa Lizulu. Njingayo inafunika kuchoka kwathu ku Area 25 kukafika ku Ntcheu. Mayi a kunyumba anaiyang'ana, nayang'ananso Sienta yathu, n'kunena kuti, "Bambo, tingopinda mipando, ilowa iyi." Ndinawamvera chisoni. Ndinawafotokozera modekha kuti tcheni idetsa mipando, mapedulo ang'amba nsalu, ndiponso kuti anthu odziwa zinthu sanyamula njinga chonchi.

Zoona zake ndi izi. Loweruka m'mawa ndinkakumana ndi magalimoto akuluakulu akulowera cha ku Dedza, njinga zitaima njo padenga, oyendetsa atavala magalasi akuda ndi timalaya tothina. Mtima unkandipweteka. Ndinkafuna kuti nanenso tsiku lina ndidutse pa Biwi anthu akucheuka, ana akuloza. Za apongozi zinangondipatsa polowera.

Ndinayamba kugona mochedwa, foni kumaso. Ndinadziwa kuti mfumu ya zitsulo zonyamulira njinga padenga ndi kampani ya Thule ya ku Sweden, imene inayamba mu 1942. Ndinaloweza maina a mitundu yake ngati ndikukonzekera mayeso, koma nditaona mitengo ndinazimitsa foni n'kupempha Mulungu andikhululukire. Mwayi unabwera pagulu lina la WhatsApp: munthu wina amene ankachoka m'dziko muno ankagulitsa kaliyala wapadenga wogwiritsidwapo kale ntchito, zitsulo ziwiri zopingasa ndi njanji yoimikapo njinga. Ndinathamanga osafunsa funso ngakhale limodzi. Mtengo umene ndinauza mayi a kunyumba ndi theka la umene ndinapereka, ndipo ngati akuwerenga izi, theka linalo akulimva lero.

Chinthu choyamba chimene munthu wanzeru amachita asanagule kaliyala ndi kutuluka panja kukayang'ana denga la galimoto yake. Madenga ndi osiyana. Ena ali ndi zitsulo ziwiri zoyenda m'mbali, zotukuka moti dzanja limalowa pansi pake. Ena zitsulozo n'zomatirira kudenga. Ena ali ndi timabowo ta mabawuti tobisika pansi pa tizivindikiro. Magalimoto akale ndi maminibasi ambiri ali ndi ngalande ya madzi m'mphepete, pamene miyendo ya kaliyala imaluma. Ndiye pali denga losalala, lopanda chogwira chilichonse, limene limafuna ngowe zokola m'mphepete mwa zitseko, ndipo ngowezo amazipinda motengera mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Mtundu uliwonse uli ndi miyendo yakeyake. Kaliyala amene ndinagula anachoka pa galimoto ya zitsulo zotukuka. Denga la Sienta yanga ndi losalala ngati chipumi cha khanda.

Ndinatsegula kabuku ka galimoto kuti ndione chimene eni ake amanena. Monga mwa magalimoto ambiri amene timaitanitsa, kabukuko n'ka Chijapani kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Ndinakhala nako pakhonde, kumatembenuza masamba ndikugwedeza mutu, kufikira mwana wanga wamkazi anandifunsa kuti, "Adadi, mukuwerenga kapena mukuona zithunzi?"

Ndinapita ku Mchesi kwa owotcherera zitsulo. Mnyamata amene ndinamupeza anazungulira galimoto, nagogoda denga ndi chala, n'kufunsa kuti, "Madala, mukufuna muzinyamula chiyani?" Ndinati njinga. "Zingati?" Ndinati imodzi. Anakhala chete, nayang'ana m'galimoto momwe munali mipando yopanda anthu, nandiyang'ana ine. Kenaka anati, "Mwabwera ndi ndalama, tikupangirani." Anandichenjeza kuti ngowe zopinda pamanja sizingagwire mofanana ndi za kufakitale, ndipo kuti ndisamathamange nazo. Anazipinda bwino, nazikulunga ndi malegeni kuti zisakale penti. Ntchito yomangirira ndinakana kuti agwire. Ndinati imeneyo ndi yanga, chifukwa ndinali nditaonera mavidiyo.

M'mavidiyomo munthu amamanga kaliyala akumwetulira, malaya ake oyera osada. Amayeza kuti zitsulo ziwirizo zitalikirane masentimita 70 kapena kuposerapo, kuti njinga isamagwedere. Amayeza kuti chitsulo chatsala mofanana uku ndi uku. Amapukuta denga kuti mchenga usatsalire pansi pa mphira. Koma chachikulu, amamanga pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, kuti ngowe zikokane mofanana. Ine ndinamanga mbali ya dalaivala mpaka sipanala inakana, ndipo nditazungulira ndinapeza mwendo wa mbali inayo wakwera pakati pa denga. Ndinamasula, n'kuyambiranso mbali inayo, mwendo woyamba uja n'kuthawanso. Dzuwa linapendeka ndikuzungulira galimoto. Oyandikana nawo nyumba anatulutsa mipando.

Zitagwira, chitseko chinayamba kutseka mokakamiza chifukwa ngowe inapanikiza mphira wake. Ndinauza banja kuti galimoto zamakono zimatero.

Tsopano panatsala masamu amene ndinayenera kuyambira. Denga lililonse lili ndi malire a katundu amene linganyamule galimoto ikuyenda. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono malirewo amakhala pakati pa makilogalamu 50 ndi 75, ndipo m'menemo muwerengeremo kulemera kwa kaliyala yemweyo. Apa ndinalibe nkhawa, njinga imodzi singafike pamenepo. Koma njanji yoimikapo njinga ili ndi malire akeake, ndipo zambiri zimalekezera pa makilogalamu 15 mpaka 20. Yanga inali ndi kapepala komata kolembedwa 15, kamene ndinakaona bwinobwino n'kuganiza kuti ndi nambala ya fakitale. Opanga zinthu zimenezi amaganizira njinga za mpikisano, zimene zinafika popepuka moti bungwe la UCI linachita kuika lamulo kuti zisatsike pansi pa makilogalamu 6.8. Buffalo anaipangira thumba la feteleza ndi msewu wa mabampu. Mayi a kunyumba anakabwereka sikelo yokoleka kwa mayi wina wogula chimanga, tinaipachika panthambi ya mango, ndipo muvi unadutsa 20 osaima n'komwe.

"Nanga pamenepa, bambo?" Ndinayankha kuti azungu amalemba manambala ochepa dala, poopa milandu.

Ndinayesa kaye kuganiza zochotsa tayala lakutsogolo kuti ipepuke. Njinga zamasewera zili ndi kachitsulo kongotsegula ndi chala, tayala n'kuchoka. Ya apongozi ndi ya manati, ndiponso njanji yanga ndi ya mtundu wogwira felemu matayala onse ali pomwepo. Inayenera kukwera yathunthu, ndi madigadi ake, kaliyala wake ndi sitandi yake.

Sienta ndi yotalika pafupifupi mamita 1.67 kuchoka pansi. Ine kutalika kwanga n'komweko ndikavala nsapato za kutchalitchi. Ndinaponda pa kileti ya zakumwa, mphwanga akundipatsira njinga, ndipo kwa kanthawi ndinaima manja m'mwamba, njinga ili pamutu, miyendo ikunjenjemera, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Pedulo inalemba mzere pachitseko kuyambira pagalasi mpaka pachogwirira. Pomaliza inakhala panjanji. Ndinatseka dzanja logwira felemu, ndinamanga malamba a matayala, ndipo posakhulupirira zonsezo ndinawonjezera malegeni ambirimbiri, omwe aja amene wakabaza aliyense akanayambira.

Koma inaoneka bwino, abale. Inaima padenga ikunyezimira, ndipo ndinaijambula mbali zonse.

Mmawa wa ulendo tinatuluka pageti bwinobwino, chifukwa geti lathu lilibe chopingasa pamwamba. Tisanafike pamsewu waukulu mayi a kunyumba anakumbukira kuti shuga ndi sopo wa apongozi aakazi watsala patebulo. Ndinakhota, ndinalowa kumpanda, ndipo manja anga anachita zimene amachita madzulo aliwonse: analunjika mushedi. Njinga ikakwera padenga imawonjezera mita ndi kanthu, kutanthauza kuti galimoto yanga inali itafika pafupifupi mamita atatu. Shedi yathu sinamangidwire zimenezo. Ena amaika mpando kapena ndowa pakhomo pa galaji akangokweza njinga, kuti pobwerera aime n'kukumbuka. Nzeru imeneyi ndinaimva pambuyo pake, kwa munthu amene ankaseka mpaka misozi.

Phokoso lake linatulutsa mzere wonse wa nyumba. Mtanda wakutsogolo kwa shedi unathyoka, lata limodzi linapindika, njanji inakhota, ngowe zakumbuyo zinazuka ndi penti yomwe, ndipo mwendo wa kaliyala unadinda denga. Tinatsitsa njinga mosamala kuti tione kuwonongeka kwake. Chiwongolero chinangopotoka pang'ono. Mphwanga anapana tayala ndi mawondo, nachiwongola, naikwera kuzungulira bwalo akuliza belu.

Mayi a kunyumba sananene kanthu, ndipo ndikanakonda akanalalata. Anatsegula chitseko chakumbuyo, analowetsa mipando yakumbuyo pansi, anapinda yapakati, anayala chitenje chakale ndi makatoni, ndipo iwo ndi mphwanga analowetsa njinga chogoneka, tayala lakutsogolo atalikhotetsa. Tiyi amene ndinathira kuti mtima ukhale pansi anali asanazizire pamene anati, "Tiyeni, bambo, kwatentha."

Chitsulo chakutsogolo chinatsala padenga chifukwa bawuti yake inali itapindika. Chinatiimbira likhweru msewu wonse wa M1, kuyambira pa Nathenje, kudutsa Linthipe, mpaka pa Kalinyeke. Zitsulo zamakona anayi zimalira chonchi mphepo ikamazimenya, n'chifukwa chake zamakono amazipanga zobulungira mosongoka kumbuyo. Ndipo chilichonse chimene chili padenga, ngakhale chopanda katundu, chimalimbana ndi mphepo n'kumadya mafuta, m'dziko limene munthu amatha kugona pamzere kuti apeze mafutawo. Ndinakweza wailesi. Mayi a kunyumba anaitsitsa, n'kunena kuti akufuna amve bwino nyimbo imene tinagula.

Apongozi anailandira njinga ndi manja awiri. Anaikweza pang'ono kuti amve kulemera kwake, nagwedeza mutu mokhutira. Titadya, anatulutsa thumba la kachewere losokerera pamwamba, loti tibwerere nalo kutauni, ndipo poona chitsulo chija anauza anyamata kuti aliponye padenga. Ndinadumpha. Ndinafotokoza mwaulemu, manja kumbuyo, kuti denga la galimoto lili ndi malire, kuti ambiri salola kupitirira makilogalamu 50 kapena 75, ndipo kuti thumba lotere likhoza kuwononga zinthu.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka analoza njinga yawo ndi ndodo.

"Nanga iyi, akamwini, pakaliyala pake imanyamula angati?"

Ndinati makilogalamu 100.

Anayang'ana galimoto, nayang'ana kubonyoka kwa denga, nayang'ananso njinga. "Ndiye mwatipatsa yamphamvu, inu mwatsala ndi yofooka. Mulungu akudalitseni."

Thumba linalowa m'kati, pomwe panagona njinga.