Makina a ku Delft asafike ku banki m'khonde

Abale anga, nawonso anthu ophunzira sakhulupirirana. Ine ndinkayesa matendawa ndi athu okha a pa Chitakale, mpaka mphwanga wophunzira sayansi ku MUST, ku Thyolo, atabwera kutchuthi n'kutsegula laputopu pakhonde, ine ndikusenda chinanazi.

"Malume, ndikuyeserera quantum network," anatero.

Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Mkulu savomera umbuli pamaso pa mwana wa mlongo wake.

Akuti pali tinthu tating'onoting'ono, tina ta kuwala, timene akatswiri amatilumikiza pa ubale wotchedwa entanglement. Mukapima kamodzi kuno, kanzake kakapimidwa kutali kamapereka yankho logwirizana, osaimbirana foni. Albert Einstein zimenezi sizinamusangalatse mu 1935. John Bell anapeza njira yoziyesera mu 1964, ndipo mu 2022 Aspect, Clauser ndi Zeilinger analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha zoyesa zawo. Ndinafunsa ngati si ufiti wa azungu. Mwanayo anangondiyang'ana mondimvera chisoni.

Nkhani imavuta anthu akachuluka. Mu 2021 ku Delft, m'dziko la Netherlands, analumikiza malo atatu n'kuwatcha Alice, Bob ndi Charlie. Tsono wina akagawira anzake tinthuti, mudziwa bwanji kuti sanagawe zachabechabe? Amasankha woyang'anira. Iyeyo amauza aliyense mbali yopimira, yosankhidwa mwamaere, aliyense n'kuyankha 0 kapena 1. Mayankho akaphatikizidwa, masamu ayenera kukwana. Akabwereza kambirimbiri, chinyengo chimaululika.

Zipangizo zenizeni n'zodula, zina zimafuna kuzizira kwa madigiri pafupifupi 270 pansi pa ziro. Ndiye amayamba ayeserera pa kompyuta, ndi mapulogalamu ngati NetSquid ya ku Delft komweko. Mphwanga anaikamo dala wabodza mmodzi ndi waya wotaya kuwala, kuti aone ngati mayesowo agwira.

Apa ndiye ndinadzuka. "Iwe, si banki m'khonde imeneyi? Bokosi limodzi, maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, ndalama kuwerengedwa aliyense akuona!" Ndinalumpha ndi chimwemwe, mpeni uli m'manja. Ndinati Lachisanu abwere nayo laputopuyo kugulu, tione amene amatidyera masheya.

Mayi a kunyumba anatsokomola ali kukhitchini. "Bambo, ngongole ya feteleza ija munaifotokoza bwanji kugulu?"

Ndinakhala pansi. Kugulu ndinati ndalama inapita kumunda. Kwa mayi ndinati ndinakonzetsa njinga. Kwa anzanga a ku Limbuli sindinanene kanthu, poti pomwa analipo. Mayankho atatu a munthu mmodzi, ndipo palibe masamu amene angawakwanitse.

Mphwanga anandilimbitsa mtima: mayesowo amangosonyeza kuti penapake palakwika, satchula dzina la munthu. Ndinapumira m'mwamba. Koma mayi anati ku gulu lathu dzina safunsa kompyuta, amangoyang'ana amene wayamba kuthyola tiyi ndi Lamlungu lomwe.

Choncho akatswiri a ku Delft, pitirizani kuyeserera, musafulumire, sayansi imafuna kudekha. Ndipo inu a gulu lathu amene mukuwerenga, Lachisanu ndibwera ndi theka. Laputopu ndaikaniza.