Dzino likawawa, komboni yonse ndi madokotala

Mu minibasi yochokera ku komboni ya Kanyama simusowa munthu womanga mpango kuzungulira chibwano, dzanja lili patsaya, maso ali psuu chifukwa chosagona. Safunika kufotokoza. Asanafike ku City Market amakhala atalangizidwa ndi basi yonse, ndipo kondakitala naye, ndalama zili pakati pa zala, amaponyapo yake: "Ba mayi, kazuleni chabe, lero mugona."

Ku Chawama macheza agona pa mtengo. Akuti kuzipatala zolipira za ku Kabulonga ndi Woodlands, ukangotsamira pampando uja n'kuyasamula, ndalama yayamba kale kuwerengedwa. Kuonedwa kuli ndi mtengo wake, kujambula dzino kuli ndi wake. Kuzula ndi makwacha mazana angapo, kumata kumaposa pamenepo, ndipo kuchotsa mtsempha wa m'kati kuti dzino litsale kumafika m'masauzande. Mayi wina wogulitsa tomato ku Soweto Market atamva izi anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kufunsa mnzake kuti: "Mulamu, dzino limodzi lidye lendi, nanga ana agone m'kamwa mwanga?" Onse anagwirizana kuti dzino lotere liyenera kutuluka basi.

Ine sindingawatsutse amayiwa. Munthu wogula ufa wa pamela tsiku ndi tsiku sangasankhe chithandizo cha masauzande. Chimene chimandiwawa n'chakuti mano ambiri amene amazulidwa m'makomboni akadapulumuka. Kabowo kakadali kakang'ono, dzino likungonyerenyetsa ukamwa madzi ozizira, kumata n'kotheka ndiponso kotsikirapo mtengo. Koma nthawi imeneyo palibe amene amasiya kantemba kake n'kupita kukaima pamzere. Timadikira usiku umene mutu wonse ukugunda, ndipo pofika kwa dokotala kwatsala kuzula kokha.

Podikirapo ndi pamene pamatulukira madokotala a pakhomo. Ku George ambuya ena amalumbirira madzi ofunda a mchere, ndipo awa akunena zoona, amatsuka m'kamwa n'kuchepetsako ululu. Ena amaika adyo. Abambo a pamalo omwera akuti kachasu ndiye mankhwala, uvumate pang'ono mbali yowawayo. Vuto lake, akuseka akazi awo, palibe amene anamuonapo akulavula. Palinso oika Aspirin pankhama n'kugona nayo. Awa amadzuka ndi chilonda choyera, chifukwa piritsi limeneli limaotcha nyama ya m'kamwa, dzino likadali pompo. Koma za anyamata a m'magalaji, odonthezera asidi wa batire kapena mafuta a mabuleki m'bowo, sindiseka nazo ayi. Imeneyo ndi poizoni.

Ku Kalingalinga mtsutso waukulu ndi wa kanyongolotsi. Agogo ena akuti anakaona ndi maso awo katatuluka m'dzino la mdzukulu atamufukiza utsi wa mankhwala. Mdzukulu wina, amene amaphunzira za chipatala, anayesa kufotokoza mwaulemu. "Ambuya, mulibe nyongolotsi. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi wobowola dzino." Ambuya anangogwedeza mutu n'kunena kuti ndiye zomwezo, kachilombo ndi kachilombo. Mnyamatayo analoza kapu yawo ya zigolo, madzi a shuga aja. Nkhani inasintha pomwepo n'kukhala ya ana a masiku ano opanda ulemu.

Za mantha ndiye zilipo zambiri. Akuti ukazula dzino la m'mwamba maso amachita khungu, zimene sizichitika. Akuti mayi woyembekezera asayandikire n'komwe dokotala wa mano, pamene madokotalawo amathandiza amayi oyembekezera, bola awauze za pakatipo. Bodza loopsa koposa ndi lija lakuti dzino likasiya lokha kuwawa ndiye lapola. Nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wafa, ndipo mafinya akusonkhana pansi pa muzu. Makapisozi ogula pakantemba, awiri lero atatu mawa, amangogonetsa kutupa, bowo saligwira. Tsaya likatupa mpaka pansi pa chibwano, pakamwa posatseguka bwino, kumeza kukuvuta, muthamangire naye munthuyo kuchipatala usiku womwewo, chifukwa kutupa kotere kumatha kutseka mpweya.

Ku Matero akulu ena amene anagwirapo ntchito m'boma amakonda kukumbutsa anzawo pa nsolo kuti zinthu zasintha. Kale vuto likakula njira inali imodzi, ya ku chipatala chachikulu cha UTH. Tsopano Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi komboni ya Chipata zili ndi zipatala zokulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo kufupi ndi Chainama kuli chipatala cha Levy Mwanawasa chimene chinatsegulidwa mu 2011, osati kutali kwa anthu a ku Mtendere ndi Kalingalinga. Odziwa tauni amanong'onezananso za Dental Training School ku Thornpark, kumene amaphunzitsa ogwira ntchito ya mano. Apa pamabuka mtsutso wina. Ena akuti sangapereke pakamwa pawo kuti mwana wa sukulu aphunzirirepo. Ena akuti ophunzira ndiwo osamala, popeza mphunzitsi amawayang'anira. Ine ndili ndi achiwiriwa.

Ndiye pali NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo yochokera m'lamulo la 2018. Wa pantchito yolembedwa amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, abwana n'kuikapo inanso 1 peresenti, ndipo chithandizo cha mano chili m'gulu la zimene imalipira m'zipatala zogwirizana nayo. Mphunzitsi kapena msilikali amangoonetsa nambala yake. Koma komboni yadzaza ndi ogulitsa salaula, oyendetsa wilibala, ometa tsitsi, ophwanya miyala. Nawo amaloledwa kulembetsa n'kumalipira okha mwezi ndi mwezi, koma ambiri amaikumbukira NHIMA tsaya litatupa kale. Mmisiri wina wa mipando ku Kalingalinga akuti mkazi wake ndiye anamukokera kukalembetsa, iye akunyinyirika njira yonse. Lero ndiye mlaliki wake wamkulu, ndipo mbali ya kunyinyirikayo saitchula.

Osalembetsa amadalira njira zakale. Wina amapempha anzake a chilimba kuti alandire msanga mwezi uno. Wina amagwa m'manja mwa a kaloba, dzino n'kutuluka tsiku limodzi ngongole n'kutsala miyezi. Ku Mtendere amayi a gulu lina la chilimba akuti anamvana kuti wodwala dzino azidumphitsidwa mzere, koma posakhalitsa odandaula mano anachuluka modabwitsa, makamaka sukulu zikamatsegulidwa. Tsopano lamulo lawo n'lakuti wopempha ayambe wayasamula pamaso pa msungichuma. Msungichumayo, mayi wa magalasi amene sanalowepo m'kalasi ya zachipatala, amaunika ndi tochi ya pafoni, ndipo akuti sabata yatha anabweza awiri n'kutumiza mmodzi ku Levy Mwanawasa tsiku lomwelo.