Ulemu Upite kwa Nkhalamba Yochokera ku Japan

Mtundu wathu sutopa ndi kutamanda. Timatamanda mafumu powalonga ufumu, timatamanda andale pamisonkhano, ndipo ngakhale munthu amene anasautsa mudzi wonse timamupezera mawu okoma tikafika naye kumanda. Koma pali mtumiki mmodzi amene wanyamula dziko lino zaka zambirimbiri popanda womuombera m'manja. Ndikunena galimoto yogula itagwirapo kale ntchito, ija ena mwachipongwe amaitcha ya kaunjika. Lero ndaima kuti ndiilankhulire, pakuti payokha siingathe: hutala yake inaleka kulira kalekale.

Imani pamphambano iliyonse mu Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, muyang'ane. Galimoto zatsopano, zija zotuluka m'sitolo mipando ikadali m'mapepala, ndi za boma, za mabungwe ndi za makampani akuluakulu. Zotsalazo, Sienta yodzaza anthu mpaka kubuti, Vitz ya aphunzitsi, Probox ya wamalonda, Corolla ya abusa, Hiace ya kondakitala wosasa mawu, pafupifupi zonse zinayamba zatumikira munthu wina kutsidya la nyanja. Zitati zinyanyale tsiku limodzi lokha, maofesi angatsekedwe, misika ingagone ndi njala, ndipo akwati angapite kutchalitchi pa kabaza.

Choyamba chimene tiyenera kuyamikira ndi mtundu wake, poti nkhalambayi ndi ya kubanja labwino. Ku Japan kuli lamulo loyeza galimoto lotchedwa shaken. Galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezako kumadya ndalama. Ikapitirira zaka 13, msonkho wake umakweranso. Mwini wake akawerengera zonsezi amaona kuti kuli bwino angogula ina, yakaleyo n'kuitumiza ku okushoni. Mwayi wathu ndi wakuti anzathuwo amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, chiwongolero chili kumanja. Ndiye imene iwo aipumitsa pantchito, ife timailandira ndi nthungululu. Bungwe la UNEP linalemba mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018, mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zakale zokwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndiye analandira zambiri kuposa chigawo china chilichonse. Bungwelo linadandaula kuti zochuluka mwa izo n'zotopa ndiponso zowononga mpweya. Kudandaula kwanji? Ndi chiyaninso china chimene mayiko olemera anatigawirapo mowolowa manja chotere?

Chachiwiri ndi kupirira kwake paulendo. Imakwera sitima yapamadzi, n'kuyandama masabata angapo mpaka padoko la Dar es Salaam. Pamenepo imapatsidwa kwa dalaivala amene mwini wake sanamuonepo, amenenso ali ndi changu chobwerera kukatenga ina. Imadutsa pakati pa nyama za ku Mikumi, imakwera mapiri a Kitonga, imatsikira ku Kasumulu, n'kuoloka pa Songwe. Ndipo taonani mtima wake wachifundo: m'njira monsemo siidutsa munthu woimitsa matola. Matumba a mpunga imanyamula, mikoko ya nthochi imanyamula, ndipo ikafika m'manja mwa mwini wake imakhala italidziwa kale fungo la usipa. Nthawi zina imafika itagawako katundu wake kwa osowa. Jeke palibe, tayala lapadera palibe, batire ndi lina, ndipo kachipangizo kosefa utsi kaja, kamene mkati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali, kanatsalira kwinakwake m'njira. Munthu wopatsa chotere timamutcha wodala.

Pachipata pamakhalanso mwambo wa kuombola. A MRA amawerengera msonkho poona, mwa zina, kukula kwa injini ya galimotoyo ndi zaka zake. Apa ndi pamene wogula amaphunzira kuti mtengo uja anauona pa intaneti n'kumwetulira unali moni chabe. Nkhani yeniyeni imabwera pambuyo: sitima, doko, wothandiza kuombola, dalaivala, mafuta, msonkho, nambala, COF, inshulansi. Sukulu yanji imene ingaphunzitse munthu masamu mofulumira chonchi?

Chachitatu, ndipo ichi n'chozizwitsa, nkhalambayi imadziwa kubwerera kuubwana. Zolengedwa zonse zimakalamba n'kumapita kutsogolo, koma mita yowerenga makilomita ya galimotoyi imatha kuyenda chobwerera. Mudzaipeza itatha zaka khumi ndi zisanu pamsewu, chiwongolero chitasalala ngee, mphira wa pabuleki utatha, mpando wa dalaivala utalowa m'kati, koma mita ikuchitira umboni kuti inangopita ku Nsanje n'kubwerako kangapo. Ena amati pali akatswiri a kompyuta amene amaithandiza kuiwala zakale. Ine sindiona cholakwa. Kodi si ife tomwe timachotsera zaka tikamafunsira ntchito kapena tikamalembetsa mpira wa achinyamata?

Chachinayi ndi maphunziro ake. Mukangoiliza, mayi wina wosaoneka amakulonjerani m'Chijapani. Ena amayankha kuti zikomo, ena amayamba apemphera. Mayiyo alibe chifukwa: ndi kachipangizo kolipirira misewu ya kwawo, kakungokumbutsa kuti simunaikemo khadi, kosadziwa kuti pa Chingeni amafuna makwacha. Wailesi yake nayo ndi yodziletsa. Ku Japan mawailesi a FM amayambira pa 76, ndipo ambiri a m'galimotozi amathera pa 90, pamene nyumba zathu zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Motero galimotoyi imakutetezani ku mikangano ya ndale ndi ku zigoli zopweteka mtima, kufikira mutagula kachipangizo koonjezera. Nanga timagetsi ta padeshibodi! Kena kamayaka kofiira, kena kachikasu, kena kamaphethira. Wogulitsa wokoma mtima, posafuna kuti mudere nkhawa, amachotsa babu kapena kumatapo tepi yakuda, ndipo mtendere umabwerera.

Koma ulemu waukulu upite kwa ija yogula konkuno, imene yadutsa kale m'manja atatu kapena anayi. Imeneyi ili ndi mbiri yoyera kuposa ya munthu aliyense. Funsani wogulitsa, akuuzani yekha:

"Bwana, iyi ndi ya mayi. Ankangopitira kutchalitchi basi."

"Nanga akuigulitsiranji, achimwene?"

"Akupita kunja. Mukachedwa, pali bambo wina akubwera ndi ndalama masana ano."

Dziko lino lili ndi amayi opemphera ochuluka zedi, onse akupita kunja, ndipo bambo wobwera masanayo sanafikepo chiyambire. Galimoto yake imakhala itatsukidwa mpaka injini, kuti musavutike ndi kuona pamene oyilo amadontha. Amailiza inu musanafike, kuti musamve chifuwa chake cha m'mawa. Amathiramo oyilo wolemera kuti zitsulo zotha zileke kulongolola. Pamene inagundidwa anapakapo phala n'kupenta bwinobwino, mwakuti dzuwa likawala mumadziona nkhope. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma akuluakuluwo sanamvepo fungo la polishi wa padeshibodi. Bulu buku nayo imakhala ndi nthabwala zake: dzina ndi la munthu wina amene anasamukira ku Joni, ndipo dobadoba akukulimbitsani mtima kuti kusintha umwini ndi nkhani ya mawa lomweli.

Chachisanu, galimotoyi ndi bwana wolemba anthu ntchito. Pitani ku Ndirande kapena ku Biwi mukaone mabanja amene imadyetsa: amakaniko, owotcherera, amagetsi, okhoma matayala, osoka mipando, ophwasula ziphapha n'kumagulitsa chiwalo chimodzichimodzi. Galimoto yatsopano ndi yodzikonda, imadyetsa galaja imodzi yokha. Yakaleyi imagawa mofanana. Lero mashoko, poti kwawo sinaonepo maenje onga athu. Mawa ladiyeta yawira pokwera Chiweta. Mkuja giyabokosi, chifukwa wina anathira mafuta wamba m'giyabokosi ya CVT imene imafuna akeake. Makaniko amaiyang'ana, n'kupukusa mutu mwachifundo, n'kunena mawu aja otonthoza mtundu wonse: "Ndi kanthu kakang'ono, bwana." Kanthu kakang'onoko kamatha milungu itatu, ndipo pobwerako pamatsala mabawuti awiri amene palibe akudziwa kwawo. Mumayamba kumuimbira foni makaniko kawirikawiri kuposa mayi anu okubalani, ndipo ana ake akamalowa sekondale mumanyadira mumtima, podziwa gwero la fizi.

Chachisanu ndi chimodzi, imatsegula maso pa zachuma. Munthu wopanda galimoto nkhani za Reserve Bank amazimva ngati mvula ya kutali. Koma pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mwini galimoto sanafunikire womumasulira. Anazimvera pamtengo wa mapulagi, wa fyuluta ndi wa tayala, poti zonsezo zimagulidwa kunja ndi madola. Mafuta akasowa, galimotoyi imamutengera pamzere, kumene amagona usiku wonse pakati pa anthu osawadziwa, n'kutulukapo ndi abwenzi atsopano ndi manambala a anyamata a zigubu. Imamudziwitsa kwa amayi a banki mkhonde, ndipo injini ikanoka imamuperekeza mpaka pakhomo la wakatapila. Imalimbitsanso thupi. Banja lokankha galimoto limodzi m'mawa uliwonse silisowa masewera, ndipo bambo amaphunzira nzeru yoimika potsetsereka.

Wina asaganize kuti zonsezi ndi chipongwe. Nkhalamba yomweyi ndi imene imadzutsidwa pakati pa usiku mayi woyembekezera akayamba kumva ululu, ambulansi ili kutali. Ndi imene imatenga bokosi ndi anamfedwa kupita nawo kumudzi pamsewu wamatope, imakokera chimanga kuchigayo, imatula ana kusukulu. Mwini wake amasanduka mfumu ya mtundu wonse, woitanidwa pa ukwati uliwonse ndi maliro alionse, ngakhale mafuta samusonkhera. Ndipo zilipo zambiri zimene zinasamalidwa bwino kwawo, zikasamalidwanso kuno zimatumikira zaka ndi zaka osakhumudwitsa, kungofuna oyilo panthawi yake ndi dalaivala woona maenje. Zinapangidwa molimba. Chimazipha kawirikawiri ndi chikondi chathu chothamanga pogula ndi ulesi wathu pozisamala.

Tsono pali adani a mwambo wokomawu, ndipo ndiyenera kuwaulula. Awa ndi anthu ouma mtima amene amapita kukaona galimoto atatenga makaniko wawowawo, osati wa wogulitsa. Amalawirira m'mamawa kuti aipeze injini ili yozizira. Amatsegula chotsekera oyilo kuona ngati pali phala loyererako, chizindikiro chakuti madzi akusakanikirana ndi oyilo. Amaima kumbuyo n'kumayang'ana utsi: wabuluu akuti ikudya oyilo, woyera wosatha akuti gasiketi yapita. Amagona chagada ndi tochi kufuna dzimbiri, poti m'madera ozizira kwambiri a ku Japan amathira mankhwala amchere m'misewu, ndipo mcherewo umadya chitsulo cha pansi. Amayendetsa maginito pathupi pake kuti apeze popakidwa phala. Amatembenuza kiyi osaliza, kuti aone ngati timagetsi tonse tochenjeza tikuyaka. Amafananitsa nambala ya chasesi ndi ya pa bulu buku, amafuna mapepala a msonkho, amakafunsa ku Road Traffic ndi kupolisi ngati siyobedwa kapena ya ngongole. Ikakhala yoitanitsa, amafuna pepala la ku okushoni limene limaonetsa makilomita ndi zipsera zake. Asanalipire amayamba azungulira m'misika kufunsa ngati zipangizo zake zimapezeka ndiponso mtengo wake, ndipo pa ndalama zawo amasungako zina zoyambira kukonzera. Akamva za bambo wobwera masana uja, amangoti, "Mugulitseni yemweyo," n'kumapita.

Anthu oterewa ndi omvetsa chisoni. Galimoto zawo zimalira kamodzi n'kamodzi. Sadziwa dzina la wokoka galimoto aliyense, sanagonepo m'mbali mwa M1 ataika nthambi pamsewu, ndipo pamacheza alibe nkhani yosimba. Amalanda makaniko chakudya, amasowetsa wakatapila malonda.

Pa milandu yonse imene anthu amaineneza, galimoto yakale ndaipeza yosalakwa. Siinanamizepo munthu. Ikadwala imatsokomola, imatulutsa utsi, imadontha pansi poyera kuti aliyense aone. Wonama ndi wogulitsa, ndipo womuthandiza kunamako ndi wogula amene wakopeka kale ndi penti. Inu amene mukufuna ulemerero wonse ndautchulawu, pitani nokha, madzulo, ndalama zonse zili m'thumba, ndipo mulipire musanatsegule boneti. Koma ngati mukungofuna galimoto yoti izikufikitsani kumene mukupita, tengani makaniko wanu ndi tochi, mufunse mafunso mpaka wogulitsa atakwiya. Safunsa anadya phula.